Chikagwa Pansi, Tidye Kapena Tisiye?



Funso limene ndabwera nalo ndi laling'ono, loti ngakhale mwana wa sitandade 2 akhoza kufunsa: chakudya chikagwa pansi, n'choyenera kudya? Ambirife yankho tili nalo kale, ndipo limakhala m'manja. Chitumbuwa chikapulumuka, dzanja limakhala litatola kale mutu usanaganize. Timachiuzira kawiri, fuu fuu, kuchipukuta pachitenje kapena pathalauza, n'kuponya m'kamwa. Wina akatiyang'ana timamuyankha kuti, "Dothi silipha." Dzuwa limakalowa, m'mimba muli zii, ndipo mawa timachitanso chimodzimodzi.

Dzanja limene limatolalo ine ndimalilemekeza. Linaphunzitsidwa ndi njala. Akuluakulu pano mukukumbukira chaka cha 2002, pamene anthu ankadya gaga ndi mizu ya nthochi, ndipo boma lino la Salima pamodzi ndi Mchinji ndi kumene a bungwe la Save the Children anayamba kuchenjeza kuti ana akutha ndi kunyentchera. Mu 2024 ng'amba inachititsa kuti maboma 23 mwa maboma 28 alengezedwe kuti ali pa ngozi. Munthu amene anagonapo ndi njala simungamuuze mopepuka kuti ataye chakudya. Choncho sindikuuzani kuti chilichonse chokhudza pansi chizipita kudzala. Chambiri chimapulumutsika. Koma pali china chimene sichipulumutsika, ndipo tsoka lake n'lakuti chimenecho ndi chomwe timakonda kupatsa ana.

Tiyambe ndi mawu aja akuti dothi silipha. Muli choonadi ndithu. Dothi palokha, mchenga paokha, si zimene zimatsekula m'mimba. Tizilombo tambiri tokhala m'nthaka tilibe nafe mlandu. Ntchito yake ndi kuoletsa masamba ndi mapesi. Chimene chimadwalitsa ndi chomwe chasakanikirana ndi dothilo. Mundikhululukire mafumu ndi makolo, nditchule: manyi. A munthu, a nkhuku, a mbuzi, a galu. Kolera, kamwazi, tayifodi, njoka zam'mimba, matenda onsewa njira yake ndi imodzi: atuluke m'mimba mwa wina, alowe m'kamwa mwa wina. Pansi pangokhala podutsira. Ndiye mukamayang'ana chitumbuwa chili pansi, funso lenileni n'lakuti, pamalo pamenepa padutsa chiyani?

Kumayiko a azungu nawonso ali ndi kachikhulupiriro kawo. Amati chakudya ukachitola masekondi 5 asanathe, majeremusi amakhala asanakwerepo. Ana ndi akulu omwe amanena zimenezi, mpaka akatswiri anaona kuti ndi bwino kuziyesa. Woyamba kudziwika pa ntchitoyi anali mtsikana wa sekondale, Jillian Clarke, amene mu 2003 ankaphunzira ntchito pa yunivesite ya Illinois ku America. Anapaka tizilombo totchedwa E. coli pa matailosi, n'kugwetsapo maswiti ndi mabisiketi, ndipo anapeza kuti tizilomboto timakhala titasamukira pa chakudya masekondi 5 asanakwane. Mu 2007, Paul Dawson ndi anzake pa yunivesite ya Clemson anayesa Salmonella, kachilombo kamene kamapezeka kwambiri m'zitosi za nkhuku. Anapeza zinthu ziwiri zofunika kwa ife. Choyamba, pa tailosi, soseji inatola pafupifupi tizilombo tonse m'masekondi 5 okha. Chachiwiri, ndipo ichi muchisunge, tizilomboto tinakhala ndi moyo pamalo ouma mpaka masabata 4. Pamalo poti ukayang'ana ndi maso ukhoza kulumbira kuti mpoyera.

Kafukufuku wamkulu anachitika mu 2016 pa yunivesite ya Rutgers, ndipo anamuchita ndi Robyn Miranda ndi Donald Schaffner. Anatenga chivwende, buledi, buledi wopaka batala ndi maswiti ofewa. Anazigwetsa pa chitsulo, pa tailosi, pa thabwa ndi pa kapeti. Zina ankazitola sekondi isanathe, zina pa masekondi 5, zina 30, zina 300. Anabwereza mpaka kuyeza maulendo 2,560. Zotsatira zake: n'zoona kuti chakudya chikakhalitsa pansi chimatola zambiri, koma kutolako kumayamba pomwepo, sekondi isanathe. Ndipo chimene chinasiyanitsa kwambiri zakudyazo sinali nthawi ayi, chinali chinyezi. Chivwende ndicho chinatola tizilombo tochuluka kuposa zonse. Maswiti, poti ndi ouma, anatola tochepa.

Izi amayi mumazidziwa kale kukhitchini. Gundani mchere ndi chala chouma, mutola timibulu tiwiri kapena titatu. Chinyowetseni chalacho, mugundenso, chimabwera chitayera. Tizilombo tilibe miyendo yoti tithamangire chakudya. Timanyamulidwa ndi madzi, ndipo chakudya chonyowa chimamata pansi paliponse pamene chakhudza.

Tsopano werengani zakudya zathu. Mbamu ya nsima yosunsa kale mu msuzi. Phala la mwana. Mpunga wa ku Lifuwu utangophulidwa. Nthuli ya kampango yophika ndi tomato. Chigawo cha papaya, chivwende chodula, mango osenda. Zonsezi ndi zonyowa, zomata, ndipo palibe chimodzi chomwe mungachitsuke. Nsima yagwa pansi simungaiviike m'madzi. Kuuzira kumachotsa mchenga umene mano akanaumva, basi. Kupukuta pachitenje ndiye kumawonjezera, pakuti chitenje chomwecho tapukutira m'manja, tapukutira mamina a mwana, takhalira pansi kumsika. Mbali inayi kuli mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, mbatata yootcha yomwe ili ndi khungu lake, nthochi yosasenda, dzira lowiritsa la m'chikhokho. Izi zimatola zochepa, ndipo zina mumangosenda n'kudya za m'kati.

Koma akatswiri a ku America aja ankayesa m'zipinda zoyera, n'kuchita kupaka okha tizilombo. Iwo anayankha funso lakuti, ngati tizilombo tilipo, tisamuka? Funso lakuti tilipo tochuluka bwanji liyenera kuyankhidwa ndi ife eni pansi pathu. Tiyeni tiyang'ane bwalo la pakhomo m'mawa umodzi. Mayi asesa kusanache, bwalo layera bwino. Nkhuku zatsika mu mtengo, zayamba kupalasa pafupi ndi mafuwa pamene pagwera madeya, zikusiya zitosi apa ndi apo. Mbuzi zatuluka m'khola, zadutsa pakhonde. Mwana wa chaka chimodzi wadzithandiza kuseri kwa nyumba; mlongo wake wakokola ndi khasu, koma pamene panali chonyansacho patsala chinyezi, ndipo galu wapondapo. Bambo abwera kuchokera kudoko ndi mapatapata amene aponda paliponse. Ikamakwana nthawi ya phala, dzuwa laumitsa zonse, mapazi apera zitosi zija zasanduka fumbi, ndipo bwalo likuonekabe loyera monga linalili m'mawa. Pamenepo ndi pamene mwana wakhala, mbale ya phala ili pakati pa miyendo, sipuni ikugwa n'kutoledwa, ikugwa n'kutoledwa.

Ku Zimbabwe, ofufuza motsogozedwa ndi Francis Ngure anachita chinthu chapafupi koma chotsegula maso. Anakhala m'makomo akumudzi maola 6 pa khomo lililonse, kungoyang'anitsitsa chimene ana aang'ono 23 ankaika m'kamwa. Zotsatira zake zinatuluka mu 2013. Ana atatu anaoneka akudya dothi lodzaza m'manja kangapo, ndipo awiri anadya zitosi za nkhuku. Amayi awo sanali osasamala. Anali pa ntchito, monga mmene mayi aliyense amakhalira. Zitosi za nkhuku zimanyamula Campylobacter ndi Salmonella, tizilombo timene timatsekula ana m'mimba kwambiri.

Palinso njoka zam'mimba. Njoka imodzi yaikazi ya mtundu wa Ascaris, ija yaitali yoyererako imene ana amatulutsa, imaikira mazira pafupifupi 200,000 pa tsiku. Mazirawo amatuluka ndi chimbudzi, amakhwima m'dothi kwa masabata awiri kapena atatu, ndipo pamthunzi ponyowa amatha kukhala zaka akudikira. Ali ndi chikhokho cholimba, ndipo amamata. A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati anthu pafupifupi 1.5 biliyoni ali ndi njoka zochokera m'dothi. Mankhwala a albendazole amene ana amalandira kusukulu ndi kusikelo amapha njoka zomwe zili m'mimba, koma satsuka bwalo. Mwana akabwerera kukadyera pansi pomwe paja, pakapita miyezi ingapo njoka zabwereranso.

Wina anena kuti, "Koma katinthu kochepa chonchi kangatani?" Matenda amasiyana. Kolera nthawi zambiri imafuna kuti munthu ameze tizilombo tochuluka zedi, chifukwa asidi wa m'mimba amapha tambiri. N'chifukwa chake njira yake yaikulu ndi madzi akumwa ndi chakudya chokhalitsa. Koma Shigella, kachilombo ka kamwazi, tizilombo 10 mpaka 100 tokha ndi tokwanira kugoneka munthu. Tizilombo 100 sitingadzaze ngakhale nsonga ya singano.

Tibwere kumchenga, pakuti kuno moyo wathu uli kumeneko. Asodzi mumandiuza kuti mchenga wa kunyanja ndi woyera, dzuwa limauwotcha tsiku lonse, mwezi wa Okutobala sungapondepo wopanda nsapato. Pamenepo mukunena zoona: kutentha ndi kuwala kwa dzuwa kumapha tizilombo tambiri pamchenga wouma wa pamtetete. Koma mabwato safikira pamenepo. Amafikira pamchenga wonyowa, pamene mafunde amathera, ndipo malonda amachitikira pomwepo kapena pamthunzi. Ofufuza a kunyanja ya Michigan ku America, yomwe ndi ya madzi opanda mchere ngati yathuyi, anapeza kuti mchenga wonyowa wa m'mphepete umasunga E. coli wochuluka kuposa madzi a m'nyanjamo. Mchenga umasefa ndi kusunga. Ndiye taganizani doko la ku Senga Bay, ku Chipoka kapena ku Chikombe usipa ukagwa: anthu mazanamazana, ogula ochokera ku Lilongwe ndi ku Dedza agona pomwepo kudikira a chilimira, amayi akutsuka matewera chapafupi, ena akutumbula nsomba, agalu ndi abakha akulimbirana matumbo. Anthu onsewa akafuna kudzithandiza usiku amapita kuti? Zimbudzi ndi zochepa, ndipo chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Dothi la kuno ndi lamchenga, madzi ali pafupi, ukakumba dzenje limagumuka mvula ikangoyamba. Mu 2024 nyanja itasefukira n'kulowa m'makomo ndi m'malo ogona alendo, zimbudzi zimene zinali m'mphepete zinamira, ndipo zam'katimo sizinapite kwina.

Sitinaiwale zimene zinatichitikira kuyambira mu Malichi 2022. Kolera imene inayambira ku Machinga inafika m'maboma onse, anthu oposa 58,000 anadwala, oposa 1,700 anamwalira. Sikunakhalepo mliri wa kolera wopha anthu chotero m'mbiri ya dziko lino, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja, Salima, Mangochi, Nkhata Bay, anali m'gulu la amene anavutika kwambiri. Sindikunena kuti mliriwo unabwera chifukwa cha zitumbuwa zotola pansi. Unayenda m'madzi ndi m'manja. Koma unatisonyeza poyera kuti zimene zimatuluka m'mimba mwa munthu kuno zikupeza njira yobwerera m'kamwa, ndipo pansi pamene timaikapo mbale zathu ndi mbali ya njira imeneyo. Nthawi ya mliri, chophikaphika chilichonse chimene chagwa pansi musachiyang'anenso kawiri.

Nanga chimene chimapulumutsika ndi chiti? Ndi chimene chikadali ndi ulendo wopita pamoto, kapena chimene madzi oyera angachitsuke n'kusendedwa. Chambo chachiwisi chaterereka m'manja n'kugwa pamchenga: tolani, tsukani ndi madzi a pamjigo, phikani mpaka chipse. Kutentha kwa madigiri 70 kukalowa mpaka m'kati kumapha tizilombo totsekula m'mimba pamodzi ndi mazira a njoka, ndipo mphika wa ndiwo ukamabwata umapitirira pamenepo. Tomato, anyezi, therere, nyemba, mpunga wosaphika wotayikira pansi, zonsezi tolani, petani, tsukani, phikani. Usipa wouma umene amayi mumaudula mitu, kuutsuka m'madzi ofunda kuti mchenga utsalire pansi pa mbale, kenako n'kuuphika, ulibe vuto. Vuto lili pa usipa umene mwana amatapa pa lichero n'kumatafuna usanaphikidwe, ndi pa nsomba zokazinga kale za pamsika, zija timagula n'kudya tikuyenda. Zimenezo moto zinatsanzikana nawo. Ikagwa imodzi, wogulitsa akaitola n'kuibwezera pamulu, ndiye kuti wagulitsa pansi pa msika pamodzi ndi nsombayo. A chiwaya, nthuli ikakupulumukani, njira yachilungamo ndi kuitsuka n'kuibwezera m'mafuta otentha mpaka ipsenso. Kuipukuta pansalu ya m'chiuno si njira.

Musamalenso bolodi, mpeni ndi manja. Mwatola nsomba pamchenga, mwaiika mu mphika, nsombayo ipsa. Koma manja amene anatolawo sapita pamoto. Akapita molunjika kukadula tomato wa kachumbari kapena kukadyetsa mwana, ntchito yonse ija yapita pachabe.

Moto uli ndi malire ake. Suchotsa poizoni. Nsomba imene yagona pansi pa boti m'madzi osakanikirana ndi petulo ndi oyilo wa injini, ufa wotayikira pamalo pamene munathira mankhwala a makoswe kapena a anankafumbwe, zimenezo n'zokwirira, ndipo musapatse ngakhale nkhuku.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa pali chinthu china chochokera m'dothi chimene chimatidwalitsa popanda chilichonse kugwa pansi. Mu mpunga wosaphika mumakhala timbewu ta kachilombo kotchedwa Bacillus cereus, ndipo timbewuti sitifa pophika. Mpunga ukaphulidwa n'kukhala pakutentha kwa kuno maola ambiri, timbewuto timadzuka, timaswana, n'kutulutsa poizoni amene ngakhale mutatenthetsanso saphwanyika. Kusanza kumene kumagwira anthu ambiri pamodzi akachokera ku ukwati kapena ku sadaka nthawi zina kumayambira pamenepa. Pamalo ofunda tizilombo tina timatha kuwirikiza kawiri mphindi 20 zilizonse. N'chifukwa chake a WHO amalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Izi zikukhudzanso nkhani yathu: mbamu imene yagwa n'kudyedwa pomwepo ili ndi tizilombo timene yatola basi, koma mtanda wa nsima umene wagwa, n'kupukutidwa, n'kubwezeredwa m'bakuli kuti ukhale mkute wa mawa, mwaupatsa usiku wonse woti tizilomboto tiswane. Chogwa pansi musachisakanize ndi chosunga.

Za mango sindingazidumphe pano pa Salima. Kuyambira Novembala mitengo imagwetsa yokha, ndipo ana amalawirira kukatola asanapite kusukulu. Palibe kholo limene lingaletse zimenezi, ndipo sindikupempha kuti muletse. Mango ndi chakudya chabwino, amabwera pa nthawi imene nkhokwe zayamba kupepuka. Koma onani pansi pa mtengo wa mango. Ndi pamthunzi, mbuzi zimagona pomwepo, mvula yoyamba yanyowetsa, ntchentche zili ng'waa. Mango amene khungu lake ndi lathunthu, atsukeni ndi madzi oyera, asendeni ndi mpeni, idyani. Amene aphulika pogwa, kapena aboola mileme ndi mbalame, asiyireni mbuzi. Chizolowezi choluma khungu ndi mano n'kumayamwa ndicho chimalowetsa m'kamwa zonse za pansi pa mtengo. Anthu amati mango amatsekula m'mimba. Kawirikawiri mlandu si wa mango, ndi wa chimene chili pakhungu lake ndi m'manja mwa wodyayo. Ngakhale ku America, mu 1996, anthu oposa 60 anadwala ndipo mwana mmodzi anamwalira atamwa madzi a maapulo osawiritsa omwe munali E. coli woopsa, ndipo chimodzi mwa zimene ofufuza anakayikira chinali maapulo otola pansi.

Tsopano ndifike pa chimene chandisautsa mtima kwambiri. Mandasi akagwa pansi pamaso pa alendo, wamkulu amachita manyazi kudya. Kutaya akuona kuti n'kulakwa. Ndiye amaitana, "Iwe, tabwera utenge." Amene amabwerayo ndi wamng'ono kuposa onse. Timachita izi mwachikondi, poganiza kuti mwana wapeza mwayi. Koma taganizani. Bambo wa zaka 40 amene amati wakhala akudya zotola pansi moyo wake wonse osadwala, thupi lake linakumana kale ndi tizilombo tambiri, ndipo akatsekula m'mimba tsiku limodzi amangoti ndinadya zosagwirizana nazo. Mwana wa miyezi 9 thupi lake ndi laling'ono, madzi ake ndi ochepa, akatsekula m'mimba usiku umodzi liwombo limalowa, maso amalowa. A WHO anawerengera mu 2015 kuti chaka chilichonse anthu 600 miliyoni amadwala chifukwa cha chakudya choipitsidwa, ndipo 420,000 amamwalira. Mwa omwalirawo, 125,000 ndi ana osakwana zaka 5. Kuno kwathu, kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 22 pa 100 aliwonse anali atatsekula m'mimba m'masabata awiri ofufuzawo asanafike, ndipo 37 pa 100 anali opinimbira. Kupinimbira kuli ndi zifukwa zingapo, chakudya chosakwanira chili patsogolo, koma mwana wotsekulatsekula m'mimba ngakhale adye, thupi silisunga. Ndipo amene amati "ife tinakula choncho" akuwerenga okhawo amene anakula. Amayi achikulire muli pano mukudziwa ana angati a m'mudzi mwanu anaikidwa asanayambe kuyenda.

Pamodzi ndi ana tiikepo amayi oyembekezera, agogo, ndi abale athu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chinatsika. Ngati m'nyumba muli woti adye chitumbuwa chouma chimene chagwa pa simenti yokolopa, akhale wamkulu wathanzi. Iyeyo ngozi yake ndi yochepa ndithu, ndipo sindingamuopseze ndi bodza.

Mwana yemweyo timamulakwiranso pa beseni. Madzi osamba m'manja akabwera amayamba ndi bambo, kenako alendo, kenako anyamata, mwana amasamba pomaliza m'madzi amene asanduka kale mtundu. Ulemu woyambira akulu ukhoza kukhalapo popanda beseni limodzi: wina agwire jagi azithirira aliyense, sopo ali pambali.

Abale athu achisilamu, amene muli ambiri m'mphepete muno, muli ndi chiphunzitso chakuti chakudya chikagwa chitoledwe, chichotsedwe zoipa, chisasiyidwe. Akhristu nanunso mumawerenga za makombo amene anatoledwa anthu atakhuta kuti pasatayike kanthu. Ziphunzitso zimenezi sizikutsutsana ndi zimene ndanenazi. Akatswiri a Chisilamu anafotokoza kalekale kuti chikagwera pa chonyansa chiyenera kutsukidwa, ndipo ngati sichingatsukike chiperekedwe kwa chiweto. Nsima imene mwaponyera nkhuku sinatayike. Mudzaidya ngati dzira.

Njira yoposa zonse ndi yakuti chakudya chikamagwa chizigwera pamalo abwino. Mphasa kapena mkeka wodyera, umene mumaukung'untha ndi kuuyanika padzuwa, n'kuupachika nkhuku zisanaupondepo, umasintha nkhani yonse. Mwana azikhala pamenepo podya, ndipo wamkulu akhale naye. Mbale, mithiko ndi zipande zikhale pathandala. Ku Chikwawa, pa ntchito yotchedwa Banja la Ukhondo, imene anachita akatswiri a ku Polytechnic ya ku Blantyre mogwirizana ndi yunivesite ya Strathclyde, mabanja anaphunzitsidwa zinthu zotere zomwezi: kusamba m'manja ndi sopo, kutsuka ziwiya ndi sopo, kuziika pamwamba, kutenthetsa mkute mpaka utuluke nthunzi, kutaya chimbudzi cha mwana m'chimbudzi. Kutsekula m'mimba kwa ana kunatsika. Panalibe makina, panalibe mankhwala atsopano.

Kudoko nakonso njira mukuidziwa. Amene amayanika usipa pathandala amagulitsa pa mtengo wabwino kuposa woyanika pamchenga, chifukwa wogula wa ku Lilongwe amalawa kaye, akamva mchenga m'mano amapita kwa wina. Ku Chikombe ndi ku Lifuwu kunayesedwanso matenti a pulasitiki oumitsira nsomba ndi dzuwa, amene amatchinga fumbi, ntchentche ndi mvula. Amafuna ndalama zambiri kuti munthu mmodzi amange, koma gulu la amayi likhoza. Chimene sichifuna ndalama ndi kugwirizana kuti usipa wogwa pansi pa thandala uzitoledwa padera, uzipita ku ziweto kapena ku mphika wa pakhomo utatsukidwa bwino, osati kubwerera pamwamba.

Mwana akayamba kutsekula m'mimba, musadikire kuti muone ngati kusiye kokha. Sungunulani Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, muzimumwetsa pang'onopang'ono, apitirize kuyamwa, ndipo mupite naye kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala kuti akalandirenso zinki. Mukaona magazi, kapena chimbudzi chamadzi ngati otsukira mpunga, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale ndi usiku.

Mafumu, pempho langa lomaliza lili kwa inu. Pa chilumba cha Mbenji, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo pachilumbapo mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa. Asodzi ochokera kutali amamvera, wolakwa amalipa kapena kuthamangitsidwa, ndipo anthu ochokera m'mayiko ena amabwera kudzaphunzira mmene mumachitira. Mphamvu imeneyo ndi imene ikufunika pa nkhani ya zimbudzi za m'madoko. Pa ndalama zimene makomiti amatolera kwa eni zilimira ndi ogula nsomba, patulani gawo lomangira zimbudzi zowaka ndi njerwa kuyambira pansi pa dzenje, kumtunda kotalikirana ndi madzi, ndi mpondagiya pakhomo pake. Muike munthu wozisamalira amene azilipidwa, chifukwa chimbudzi chopanda mwini chimatha mwezi umodzi. Ndipo chindapusa cha wodzithandiza pamchenga chikhale chofanana ndi cha wogwidwa ndi ukonde woletsedwa. Mvula isanagwe chaka chino, komiti iliyonse ikhale pansi ndi mfumu yake ndi mlangizi wa zaumoyo, muwerenge zimbudzi zimene zilipo padoko lanu, muwerengenso anthu amene amagona pamenepo usipa ukagwa, ndipo mugwirizane tsiku loyamba kukumba.